Za than ija, msuweni

Eee msuweni, funso lako ndaliona pagulupu. Ukuti "She is taller than I am" ndi simple kapena complex? Dikira kaye, ndili pa Bree, pokwerera matakisi kuno ku Joni, matakisi akusokosa... eya, pano bola.

Iwe, munthu amene anasiya mabuku zaka zitatu zapitazo sadzuka 4 koloko m'mawa kufunsa za than. Ndimakudziwa, mwana wa azakhali.

Ukuwakumbukira amalume a ku Mayfair? Ayi, ndalakwitsa, ku Mayfair anasamukirako pambuyo. Poyamba anali kumigodi ku Carletonville, atapita pa Wenela. Kumeneko ntchito inkayenda m'Chifanakalo, Chingerezi anachitola atakula, atayamba ntchito ya m'dimba. Ndiye kwa iwo chilichonse chinali "more better". Nsima yakwathu more better, njinga yawo ija more better. Tsiku lina kamwana ka abwana kanawauza kuti better ndi yokwana kale, more akungoyisenzetsa katundu. Bambo wa imvi, kudzudzulidwa ndi kamwana! Sanakwiye ayi. Anagula kope, usiku n'kumalemba: good, better, best, bad, worse, worst. Kope lija agogo analisunga musutikesi ija mpaka... mmm, ukudziwa kale.

Funso lako tsono. Ndi complex. Werenga aneni: is, am. Alipo awiri, aliyense ndi mwininkhani wake. Koma "than I am" siyingaime payokha, yatsamira chigawo choyambacho. Akanakhala mneni mmodzi, ikanakhala simple. Zigawo ziwiri zoima pazokha, zolumikizidwa ndi and kapena but, imeneyo ndiye compound. Polankhula anthu amangoti "than me", palibe amene angakutsutse. Ife timangoti "kuposa", basi. Iwo mawu aafupi amawonjezera -er, taller, aataliwo amayamba ndi more, more expensive. Osaphatikiza ziwirizi.

Koma chimene ukufunsa ndi chakuti ungakhozebe Chingerezi cha MSCE kapena ayi. Ungakhoze. Kalembetse. Popanda Chingerezi satifiketi siituluka, ndipo maphunziro ena aja unakhoza bwino. Munthu wofunsa funso ngati limeneli mutu wake ukugwira ntchito, ndiye kalembetse, usamangobisala kuseri kwa than. Ndalama ya mayeso nditumiza mwezi ukatha, usawavutitse amayi.

Wamva eti? Ukalembetse. Mapepala akale a MANEB uwajambule unditumizire kuno, Lamlungu ndikaweruka tidzayankhira limodzi. Takisi yadzaza, ndikukwera.