Mmene makampani a intaneti amatchingira ma spam

Achimwene, mwafunsa kuti makampani a intaneti amatani kuti ma spam, omwe ndi maimelo osafunika otumizidwa kwa anthu ambiri, asamakufikeni. Amayamba ndi kuona kumene uthenga wachokera. Ngati nambala ya IP (adiresi ya kompyuta pa intaneti) ya wotumiza ili pa mndandanda wa odziwika ndi zachinyengo, monga wa Spamhaus, bungwe lolimbana ndi ma spam, amaubweza pakhomo pomwepo. Palinso SPF, DKIM ndi DMARC, zotsimikizira kuti wotumizayo sakunamizira dzina la eni ake.

Ine imene imandisangalatsa ndi greylisting. Apa seva, kompyuta yolandira maimelo, imakana uthenga wachilendo kwakanthawi. Seva yeniyeni yotumiza maimelo imadzayesanso pakapita mphindi zingapo, pomwe mapulogalamu ambiri a akathyali sabwereranso. Makampani ena amatseka port 25, khomo lotumizira maimelo, kwa makasitomala apanyumba poopa kuti makompyuta ogwidwa ndi vairasi angamatumize ma spam. Palinso zosefa zoona mawu a mu uthenga, koma zimalakwitsa ndithu, ndiye muzisuzumirako mu foda ya spam.