Zithunzi za bizinesi ndi katundu, musazisunge pamalo amodzi

Funso: Ndimajambula maukwati ndi zinkhoswe ku Zomba. Ndinajambula ukwati Loweruka, usiku womwewo ndinakopera zithunzi zonse mu laputopu, kenako ndinafomata memore khadi chifukwa Lamulungu kunali ntchito ina. Lachiwiri laputopu inakana kuyaka, ndipo okonza akuti mwina hard drive, kachipangizo kosunga mafayilo onse m'kati mwake, yafa. Eni ukwati analipira kale theka la ndalama ndipo akuimba foni tsiku ndi tsiku. Ndichite chiyani?

Yankho: Pepani kwambiri achimwene. Tiyambe ndi zimene zingapulumuke lero, za m'tsogolo tikambe pambuyo.

Chotsani memore khadi ija mu kamera, musajambulirenso chithunzi ngakhale chimodzi. Kufomata khadi nthawi zambiri sikufufuta zithunzi zenizenizo, kumangofufuta ndandanda yosonyeza pamene chithunzi chilichonse chili. Zithunzi zimatsala momwemo mpaka zina zatsopano zitalembedwa pamwamba pake. Ntchito ya Lamulungu ija inadya malo a zina mwa zithunzi za ukwati, koma ngati inali yaing'ono kuposa ukwatiwo, zambiri zikhoza kukhala zikadalipo. Pali mapulogalamu aulere, PhotoRec ndi Recuva, amene amafufuza zithunzi zoterezi. Ikani khadi mu kompyuta ina, ndipo zonse zimene pulogalamuyo yapeza muzisunge mu kompyutayo, osati pa khadi yomweyo.

Za laputopu, musavomere msanga kuti zonse zapita. Laputopu imakana kuyaka pa zifukwa zambiri, ndipo kawirikawiri chimene chapsa ndi mbali ina, hard drive ili bwinobwino. Auzeni okonzawo aichotse, aiike m'kabokosi kolumikizira pa USB, muyese kuitsegula pa kompyuta ina muli pomwepo. Chimene muwaletse ndi mawu omveka bwino ndi kuikamo Windows yatsopano. Okonza ambiri amathamangira zimenezo chifukwa cholinga chawo n'chakuti makina ayake, pomwe inu chimene mukufuna ndi zithunzi. Ngati hard drive ikulira ngati ikugogoda ikalumikizidwa, izimitseni. Kuiyatsa mobwerezabwereza kumawonjezera kuwonongeka, ndipo yoteroyo imafuna akatswiri a ntchito yokhayo, amene mtengo wawo ndi wokwera.

Eni ukwati musawabisire. Pitani kunyumba kwawo, makamaka pamodzi ndi munthu amene anakupezerani ntchitoyo, muwauze zimene zachitika, zimene mukuyesa, ndi tsiku limene mudzabwere ndi yankho. Funsani amene anajambula vidiyo ngati angakupatseni zithunzi zochokera mu vidiyoyo, sonkhanitsani zimene abale anajambula pa mafoni, ndipo ngati akwatiwo angalole, ajambuleninso atavala zovala za ukwati popanda kulipiritsa. Zikakanika, bwezani ndalama. Zimapweteka, koma m'tauni ngati Zomba ntchito ya kujambula imayenda ndi pakamwa pa anthu, ndipo mbiri yakuti munazemba mafoni idzakutayitsani maukwati ambiri kuposa theka limene mwabwezalo.

Tsopano za m'tsogolo. Vuto silinayambe Lachiwiri pamene laputopu inafa. Linayamba Loweruka usiku pamene munafomata khadi zithunzi zili pamalo amodzi okha. Hard drive iliyonse idzafa tsiku lina, yatsopano kapena yakale, ndipo kawirikawiri sichenjeza. Wojambula zithunzi wa ku America, Peter Krogh, anatchukitsa lamulo limene anthu amalitchula kuti 3-2-1: chithunzi chilichonse chofunika chikhale ndi makope atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri yosiyana, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi kumene kuli enawo. Kwa inu zikutanthauza laputopu, hard drive yapadera ya kunyumba, ndi ina yachitatu imene imagona kwa m'bale kapena ku ofesi ya mnzanu wodalirika. Kope lakutalilo anthu amaliona ngati kuwonjeza, koma akuba akalowa m'nyumba amanyamula chikwama chonse, laputopu ndi hard drive zili momwemo. Amene anaona madzi ndi matope a namondwe wa Freddy m'mwezi wa Marichi 2023 ku Chilobwe ndi madera ena a kummwera akudziwa kuti zonse za m'nyumba imodzi zikhoza kupita usiku umodzi.

Ndikudziwa kuti funso lotsatira ndi la ndalama, ndipo apa ndi pamene ojambula ambiri amalakwitsa masamu. Kamera ya 24 megapixel ikamajambula RAW, kutanthauza zithunzi zathunthu zosachepetsedwa, chithunzi chimodzi chimatenga pafupifupi 25 mpaka 30 MB. Ukwati wa zithunzi 1,000 ndiye kuti ndi pafupifupi 30 GB, ndipo hard drive ya 1 TB (1,000 GB) ingasunge maukwati pafupifupi 30. Tiyerekeze kuti imodzi mwaigula K150,000, ziwiri K300,000. Mukagawa ndi maukwati 30, ukwati uliwonse wadya K10,000. Mitengo ya m'sitolo isiyana ndi imene ndayerekezayi, koma kawerengedwe kake ndi komweko. Ndalama imeneyo ilowe mu mtengo umene mumauza kasitomala, monga momwe mumaikiramo thiransipoti ndi mapepala osindikizira, ndipo muziipatula pa dipoziti iliyonse kuti hard drive ikadzaza musadzafune ngongole. Wagolosale sasiya katundu panja usiku ponena kuti loko ndi wodula. Zithunzi zimene simunapereke kwa mwiniwake ndiye katundu wanu.

Memore khadi mukhale nazo zingapo, kuti ntchito ya Lamulungu isakukakamizeni kufufuta ya Loweruka. Khadi isafomatidwe mpaka zithunzi zake zili pamalo awiri ena ndipo mwatsegulako zingapo n'kuona kuti zikuoneka. Chenjerani ndi makhadi otchipa modabwitsa. Alipo achinyengo olembedwa 64 GB kapena 128 GB pomwe m'kati mwake muli malo ochepa kwambiri. Kamera imajambula ngati zonse zili bwino, koma malo enieni akatha, zithunzi zimayamba kuwonongeka, inu n'kudzazindikira mutafika kunyumba. Pulogalamu yaulere ya H2testw imadzaza khadi yonse n'kuiwerenganso, ndipo imakuuzani kukula kwake kwenikweni. Yesani khadi iliyonse yatsopano musanapite nayo ku ntchito. Mukamadzagula kamera ina, yang'anani yolowa makhadi awiri, imene imalemba chithunzi chilichonse pawiri nthawi yomweyo.

Magetsi athu nawonso muziwaganizira. Musamakopere zithunzi batire ya laputopu ili pafupi kutha, ndipo hard drive yosungira isamakhale yolumikizidwa nthawi zonse. Mukamaliza kukopera ichotseni bwinobwino n'kuiika m'kabati, kuti mphamvu ya magetsi ikabwera mopyola muyezo, kapena virus ikalowa mu laputopu, isapite nazo zonse ziwiri.

Pali phindu lina limene ojambula saliwerengera. Anthu amabwerera. Patapita zaka, banja limafuna chithunzi chabwino cha gogo amene anali pa ukwati uja kuti achiike pa pulogalamu ya maliro kapena pa nsalu ya chikumbutso, ena alubamu yawo inanyowa. Wojambula amene angapeze chithunzicho m'mphindi zochepa amagulitsanso ntchito imene anaigwira kale. Choncho mafoda anu muziwapatsa mayina oyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kenako mtundu wa mwambo ndi malo. Ndipo pa lisiti lembanipo kuti zithunzi mudzazisunga kwa nthawi yaitali bwanji, kuti pasadzakhale kukangana.

Funso: Ndine telala ku Lilongwe. Foni yanga inabedwa mu minibasi. Munali zithunzi za madiresi onse amene ndasoka zaka zapitazi, zimene ndimaonetsa makasitomala kuti asankhe sitayilo, komanso ma screenshot a anthu amene analipira pa foni. Imelo ananditsegulira ndi mwana wa mchemwali wanga ndipo pasiwedi sindikuidziwa.

Yankho: Mayi, pitani kaye ku ofesi ya kampani ya foni yanu ndi chiphaso cha unzika, akatseke SIM yobedwayo ndi kukupatsani ina ya nambala yomweyo. Izi zikuteteza ndalama za mu Airtel Money kapena Mpamba, komanso nambalayo ndi imene ingakutsegulireni imelo ngati inalembedwa pamene ankaitsegula. Muli komweko pemphani sitetimenti ya akaunti yanu. Ndi umboni wamphamvu wa amene analipira kuposa screenshot, imene munthu wachinyengo akhoza kuipanga.

Kenako khalani pansi ndi mwanayo, muyese kulowa mu imeloyo pa foni ina n'kutsegula Google Photos, pulogalamu imene imasunga zithunzi za foni pa intaneti. Mafoni ambiri a Android amafunsa za backup, kutanthauza kusunga kope la zithunzi pa intaneti, pamene akuyatsidwa koyamba, ndipo mwina iye anavomera. Ngati munalibe, lemberani makasitomala anu akale. Ambiri ali ndi zithunzi atavala zimene munawasokera, pa ukwati kapena ku tchalitchi, ndipo zimenezo zimagulitsa bwino kuposa diresi lopachikidwa pakhoma. Apempheni chilolezo musanazionetse kwa ena.

Pa foni yatsopano, imelo ikhale yanu ndithu. Mwana akhoza kukuthandizani kutsegula, koma dzina la imelo ndi pasiwedi mulembe nokha m'kope limene limakhala kunyumba, osati m'chikwama chimene mumayenda nacho. Musalole ogulitsa mafoni kukuikirani imelo yawo kuti zithe msanga. Ndiye kuti zithunzi zanu zizipita m'manja mwa munthu wina, ndipo tsiku limene mudzazifune simudzamupeza.

Akaunti ya Google imapereka 15 GB yaulere, imene Gmail, Google Drive ndi Google Photos zimagawana. Kale zithunzi zochepetsedwa pang'ono zinkasungidwa popanda malire, koma zimenezo zinatha pa 1 Juni 2021. Kwa telala 15 GB ndi yokwanira zaka zingapo, chifukwa chithunzi cha foni chimatenga ma MB ochepa chabe, malinga ngati simukulowetsamo zinyalala. Chimene chimadzaza malo ndi mavidiyo a m'magulu a WhatsApp. Zimitsani kuti asamadzitsitse okha, ndipo mu Google Photos sankhani kuti foda ya kamera yokha ndiyo izikwera. Sankhaninso Storage saver, imene imachepetsa kukula kwa chithunzi koma maso a kasitomala sangaone kusiyana. Kuti bandulo isathe msanga, ikani kuti zizikwera pa Wi-Fi pokha kapena muzitsegula nokha pamene mwagula bandulo yotsika mtengo. Amene ali ndi iPhone, iCloud imapereka 5 GB yokha yaulere, imene imadzaza msanga. Malo owonjezera amagulidwa mwezi ndi mwezi ndi khadi ya ku banki, ndipo mtengo wake umatsatira ndalama zakunja, kotero kwacha ikagwa monga inachitira mu Novembala 2023, nawonso amakwera. Kwa bizinesi ya kukula ngati yanu sindikuona chifukwa cholipirira musanadzaze zaulerezo.

Pali msampha umodzi umene wagwetsa ambiri. Mukafufuta chithunzi muli mu Google Photos, chimachoka pa foni ndi pa intaneti pomwe. Chimakhala mu Bin, malo a zofufutidwa, kwa masiku owerengeka, kenako chimapita. Ngati foni yadzaza, gwiritsani ntchito batani lolembedwa Free up space, limene limachotsa pa foni zithunzi zokhazo zimene zakwera kale. Dziwaninso kuti kuyambira Disembala 2023 Google inayamba kutseka maakaunti amene akhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, ndiye imelo yakale imene muli zithunzi muziitsegulako. Ndipo mukasintha nambala ya foni, sinthaninso nambala yolembedwa mu imelo, chifukwa nambala yosiyidwa nthawi yaitali imadzapatsidwa kwa munthu wina.

Popeza mwayamba kusunga, jambulaninso malisiti a nsalu, ulusi ndi lendi tsiku lomwelo mwawalandira. Malisiti a makina amafufutika okha pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha, ndipo tsiku limene banki kapena a MRA adzafune kuona mmene bizinesi yayendera mudzapeza mapepala oyera. Kope limene mumalembamo miyezo ya makasitomala ndi ngongole zawo muzilijambulanso kumapeto kwa sabata iliyonse.

Funso: Ndimagulitsa nsapato za kaunjika ku Limbe. Ndinatsegula gulu la WhatsApp limene ndilimo ndekha, ndipo zithunzi zonse zofunika ndimazitumiza kumeneko. Kodi zakwana?

Yankho: Sizinakwane, bambo. WhatsApp si malo osungirako katundu, ntchito yake ndi kupereka uthenga. Zimene zili m'gulu lanulo zikukhala mu foni yomweyo, ndipo foni ikapita simungadalire kuti mudzazipeza, pokhapokha ngati munayatsa Chat backup mu Settings. Pa Android backup imeneyo imapita ku Google Drive, ndipo kuyambira kumayambiriro kwa 2024 imadya nawo pa 15 GB ija, choncho zimitsani mbali yolowetsa mavidiyo. Komanso WhatsApp imachepetsa chithunzi ikamatumiza. Pa foni chimaoneka bwino, koma mukafuna kuchisindikiza pa chikwangwani chimatuluka chosaoneka bwino. Chimene mukufuna chikhale chathunthu chitumizeni ngati Document.

Gululo lisungeni, ndi lothandiza popeza zinthu msanga kasitomala ali pamaso panu. Koma yatsani Google Photos monga ndafotokozera mayi a ku Lilongwe, ndipo kamodzi pamwezi bwerekani foni ya akunyumba, mulowe mu akaunti yanu, muone ngati zithunzi za sabata yathayi zilimo, kenako mutulukemo. Mukapeza kuti chomaliza ndi cha miyezi itatu yapitayo, ndiye kuti malo adzaza kapena backup inazima, ndipo mwazidziwa foni ikadali m'thumba mwanu.