Musanakumbe chipinda cha pansi pa nthaka, yambani mwayeza madzi

Achimwene a ku Mabvuku, mwafunsa ngati mungadzimangire nokha chipinda cha konkire cha pansi pa nthaka kuseri kwa nyumba, chosungiramo mbatata ndi maungu, chimenenso mungathawiremo ndi ana kukabwera chimphepo. N'zotheka ndithu. Koma malangizo athu oyamba ndi akuti musagule thumba la simenti ngakhale limodzi mvula ya dzinja lathunthu isanakuonetseni pamene madzi a pansi amafika pabwalo panu. Zipinda zotere kuno ku Harare zimagonja ndi madzi.

Mzinda uno unakhala pakati pa madambo amene amathira m'mitsinje ya Mukuvisi, Marimba ndi Manyame. Pamalo pooneka pouma mu Ogasiti pamatha kutumphuka kasupe mu Febuluwale. Ndiye kumbani kadzenje kakang'ono kozama mamita 3 pamalo pamene mukufunapo, muikemo paipi ya PVC ya mamilimita 110 yoboolaboola m'munsi, muizinge ndi miyala, pamwamba muvundikire. Kuyambira Disembala mpaka Malichi muzipisamo ndodo youma sabata iliyonse n'kulemba pamene yanyowera. Suzumiraninso m'zitsime za anzanu oyandikana nawo nthawi yomweyo. Pansi pa chipinda chanu payenera kukhala theka la mita kapena kuposerapo pamwamba pa pamene madzi anafika atakwereratu. Mukapeza makande akuda, aja amang'ambika m'chilimwe n'kumata makasu m'dzinja, lekani. Dothi limenelo limafufuma likanyowa ndipo limakankha khoma, komanso kumanga m'dambo popanda chilolezo cha EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, n'kulakwira lamulo. Katondo wofiira wa kumpoto kwa mzinda ndiye wabwino. Kwanuko, ngati ku Tafara ndi ku Epworth, dothi lambiri ndi lamchenga pamwamba pa thanthwe. Madzi amalowa msanga n'kukaima pa thanthwepo, ndipo piki imatha kulira pamwala musanafike mamita awiri.

Chifukwa cha zimenezi ife timakonda chipinda chokwiririka theka. Mumakumba mita imodzi ndi theka basi, ndipo dothi lomwe mwatulutsalo mumaliunjika m'mbali ndi pamwamba mpaka chipinda chonse chitabisika m'chulu. Kuzizira kwake sikusiyana kwenikweni ndi kwa chozama, makwerero amafupika, ndipo ngalande imapeza potulukira. Vuto lake ndi malo: chulucho chimadya pafupifupi mamita 7 uku ndi 8 uku, ndipo mabwalo ambiri a ku Mabvuku ndi aang'ono. Yezani ndi tepi musanalote zambiri. Dzenje litalikirane ndi maziko a nyumba ndi durawall, mpanda uja wa konkire, yanu kapena ya mnzanu, ndi mamita 3 kapena kuposa. Likhale kutali ndi chimbudzi chokumba ndi paipi ya suweji, kutalinso ndi mango kapena jakaranda, chifukwa mizu imalondola chinyezi. Pulani ipite kukhonsolo ya mzinda, ndipo funsani kumene kunadutsa mapaipi ndi nthambo zamagetsi za ZESA. Miyeso imene tikupatseni apa ndi yoti mudziwe kukula kwa ntchito, koma denga lonyamula dothi liyenera kuonedwa ndi injiniya n'kusainira. Ndalama imeneyo musaiumire.

Dziwaninso chimene chipindachi chingakuchitireni. Nthaka ya mamita awiri pansi imasunga kutentha kofanana ndi kwapakatikati kwa chaka chonse, ndipo ku Harare kuno ndi madigiri pafupifupi 19 kapena 20. Si firiji ayi. Zimene mumamva za ku Ulaya ndi ku Canada, zoti mbatatesi imakhala miyezi isanu ndi umodzi, zimatheka chifukwa nthaka yakumeneko ndi yozizira kwambiri. Kuno phindu lake ndi lakuti mu Okutobala, panja pakuwotcha kupitirira madigiri 30, m'katimo mumakhala chimodzimodzi usana ndi usiku, muli mdima ndi chinyezi, monga muja nkhuti imasungira mbatata kumudzi.

Kukumba kuyambe mu Meyi, zonse zithe Okutobala asanathe. Chipinda cha mamita 2.4 m'lifupi, 3 m'litali ndi 2.1 msinkhu, kuyeza m'kati, chimakwanira banja. Musakulitse m'lifupi, chifukwa denga likatalika zitsulo ndi makulidwe zimakwera msanga. Dzenje likule masentimita 70 kuposa chipinda mbali zonse kuti munthu azitha kuimamo popaka phula. Apa ndi pamene anthu amafera: dothi lodzaza mita imodzi m'litali, m'lifupi ndi msinkhu limalemera kuposa tani imodzi ndi theka, ndipo lamchenga limagumuka mosachenjeza. Mukangodutsa mita imodzi, m'mbali musende motsetsereka kapena mutchinge ndi matabwa ochirikizidwa ndi mapolo. Dothi lofukulidwa likhale mita yathunthu kuchokera m'mphepete, makwerero azikhala m'dzenjemo nthawi zonse, ndipo munthu asamakumbe ali yekha pakhomo.

Pansi tsindirani bwino, thirani miyala ya mamilimita 19 yokhuthala masentimita 10, pamwamba pake konkire yopyapyala ya masentimita 5 yongosalazira, kenako pulasitiki wakuda wokhuthala 250 micron wotulukira m'mbali kuti mudzamupindire kukhoma. Silabu yapansi ikhale masentimita 15, ipitirire khoma ndi masentimita 20 kunja, ndi zitsulo za Y12, zokhuthala mamilimita 12, zopingasana pa masentimita 20 alionse. Musanathire, imikiranitu zitsulo zopindika ngati L zimene zidzalowe m'khoma, ndipo pakona imodzi siyani kadzenje ka masentimita 40 kosonkhanitsa madzi, silabu yonse ipendekere komweko pang'ono.

Konkire yake ndi wilibala imodzi ya simenti, amene ndi matumba awiri, mawilibala awiri a mchenga wa kumtsinje, ndi atatu a miyala. Gulani simenti ya 42.5, nambala yosonyeza mphamvu yake, kaya ya PPC kaya ya Khayah, yosagwirana mibulu m'thumba. Mchenga wa m'dzenje, uja wa pulasitala, usalowemo. Muuyese poufinya m'manja uli wonyowa: ukasiya matope pachikhatho, ndi wauve. Madzi asapitirire malita 25 pa thumba limodzi, ndipo mchenga ukakhala wonyowa chepetsani. Aganyu amakonda kuwonjezera madzi kuti fosholo ipepuke. Madzi owonjezerawo akauma amasiya timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo ndi momwe chinyezi chidzadutsire. Imani pomwepo nokha tsiku lothira. Chipinda cha miyeso imeneyi chimadya konkire yoposa pang'ono makyubiki mita 8, ndiye konzani matumba pafupifupi 70 kuphatikizapo makwerero, mchenga makyubiki 5, miyala makyubiki 9 pamodzi ndi ya ngalande, ndi zitsulo za mamita 12 pafupifupi 75.

Makoma akhale a konkire ya masentimita 20, ndi mizere iwiri ya zitsulo, wina chakunja wina cham'kati. Zoimirira ndi Y12, zogona ndi Y10, za mamilimita 10, zonse pa masentimita 20, ndipo pamakona zogonazo zipinde n'kulowa m'khoma linalo masentimita 50. Chitsulo chilichonse chikutidwe ndi konkire ya masentimita 4 mpaka 5. Chikayandikira kunja chimachita dzimbiri, dzimbiri limafufuma n'kuswa konkire. Njerwa zowotcha za pamsewu zisayesedwe n'komwe pa khoma lokankhidwa ndi dothi. Ngati chikombole cha matabwa chakukulirani mtengo, gwiritsani mabuloko a mabowo a masentimita 20, chitsulo m'bowo lililonse, n'kudzazamo konkire mizere inayi inayi.

Pamene pamadontha kawirikawiri ndi polumikizana silabu ndi khoma, chifukwa konkire yatsopano sigwirana bwino ndi youma. Pothira silabu, kwezani kamzere ka masentimita 10 pamene padzakhale khoma, pakati pake muike lamba wotchinga madzi, waterbar, amene amagulitsidwa m'masitolo a zomangira. Tsiku lothira khoma, kandani pamwamba pa kamzereko mpaka miyala ioneke, tsukani fumbi, nyowetsani. Makoma onse anayi athiridwe tsiku limodzi, mozungulira, masentimita 40 ulendo uliwonse, ndipo bwerekani poker, makina ogwedezera konkire. Kusinja ndi ndodo sikufika pansi pa chikombole chozama mamita awiri, ndipo mukamasula mudzapeza zisa za mabowo. Chikombolecho chimangidwe zolimba m'munsi, chifukwa konkire yaiwisi imakankha kwambiri kumeneko ndipo chikaphulika mwataya matumba makumi awiri nthawi imodzi.

Denga ndi silabu ya masentimita 17 mpaka 18, zitsulo za Y12 pa masentimita 15 zoyenda m'lifupi, chakumunsi kwa silabu, ndi Y10 pa masentimita 20 zopingasa. Mabowo a mapaipi a mpweya asiyiretu, musadzabowole pambuyo. Mapolo a bulugamu ochirikiza aime pa masentimita 80 alionse ndipo asachotsedwe masiku 21 asanakwane, makamaka m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi pamene konkire imachedwa kukhwima. Konkire yonse izikhala yonyowa masiku 7 oyamba, yofunditsidwa ndi masaka kapena pulasitiki. Poti madzi a m'mipope sadalirika, dzazani migolo musanaitane aganyu.

Musakwirire m'mbali denga lisanathiridwe n'kukwanitsa masiku 28. Denga ndi limene limagwira makoma kumutu, ndipo khoma lokankhidwa lisanagwidwe limawerama n'kung'ambika m'tsinde. Komanso musalole kuti mvula ikupezeni dzenje lili pululu. Silabu ndi makoma opanda denga zimalemera matani pafupifupi 16, pomwe ngati mwakumba chipinda chozama, madzi odzaza dzenje la mamita 2.2 amanyamula ndi mphamvu ya matani 21. Chipinda chimatukuka, chimapendama, ndipo palibe mmisiri angachibwezere.

Kunja kwa makoma ndi pamwamba pa denga pakani phula katatu, lililonse liume lisanabwere linzake, ndipo muphimbe ndi pulasitiki kuti miyala isalikande pokwirira. Mankhwala ambiri opaka m'kati sathandiza madzi akamakankha kuchokera kunja, amangosupuka. M'tsinde mwa khoma, motsikirapo kuposa silabu, zungulizani paipi yoboola ya mamilimita 110 m'kati mwa miyala yokulungidwa ndi nsalu ya bidim, yosefa dothi, itsike sentimita imodzi pa mita iliyonse kukatulukira kumunsi kwa bwalo. Ngati bwalo lanu lilibe kotsetsereka koti madzi atuluke okha, ganizirani kawiri, chifukwa pampu yodalira magetsi imazima tsiku lomwe mvula yakula. Kwirirani masentimita 20 ulendo uliwonse mukutsindira, pamwamba pa denga masentimita 50, mudzalepo kapinga. Galimoto isadzaimepo. Khomo liyang'ane kumwera, kumene dzuwa silifika kwambiri, likhale ndi chiwundo chokwera masentimita 20 ndi kadenga kake, apo ayi makwerero adzasanduka mtsinje.

Mpweya umafuna mapaipi awiri a mamilimita 110 pamakona otalikirana. Wolowetsa atsike mpaka masentimita 25 kuchokera pansi. Wotulutsa ayambire kudenga n'kukwera mamita awiri panja, mum'pake utoto wakuda kuti dzuwa likamutenthetsa azikoka mpweya, monga imachitira paipi yotulutsa fungo ya chimbudzi chokumba cha Blair. Kukamwa kwa onse awiri ikani sefa ya waya yotchinga makoswe, njoka ndi udzudzu. M'miyezi yozizira, pamene usiku umatsika kufika madigiri 7, muzitsekula usiku n'kutseka wolowetsayo masana, ndipo makoma amasunga kuzizirako.

Za pothawirapo, tikuuzani mosabisa kuti sitikulimbikitsani. Choopsa chachikulu kuno ndi madzi. Namondwe wa Idai mu Malichi 2019 anapha anthu ku Chimanimani ndi madzi osefukira ndi kugumuka kwa mapiri, ndipo pa tsiku lotero munthu amathawira kumtunda. Chipinda chanu chili ndi mpweya wa makyubiki mita 15 okha. Anthu asanu atatsekeredwamo mapaipi atatsekeka, mpweya woipa umene akupuma umafika poopsa m'maola anayi kapena asanu. Ngati mukufunabe kuti chizitha kubisa anthu kwa kanthawi pa chimphepo, uzani injiniya aikepo potulukira pachiwiri pa masentimita 60 uku ndi uku, ndipo chitseko chizitsekukira m'kati kuti mtengo ukagwera kunja musatsekeredwe. Mbaula, jenereta ndi nyali ya parafini zisalowemo. Silinda ya gasi isasungidwemo, chifukwa gasiyo ndi wolemera kuposa mpweya ndipo akadontha amakhala pansi. Mapilitsi ofukizira chimanga aja ndi imfa m'chipinda chotere. Mukakhalitsa osalowamo, tsekulani chitseko kwa mphindi 15 musanatsike, ndipo pakhale loko chifukwa cha ana.

Chimene chimakhala bwino kwambiri m'menemo ndi mbatata ya kholowa. Musaitsuke. Muisiye kaye pamalo ofunda, pamthunzi, yofunditsidwa ndi masaka kwa sabata imodzi kuti mabala a khasu apole, mutaye yoboola nankafumbwe, kenako muiike m'makireti a matabwa otalikirana ndi khoma masentimita 10. Mbatatesi imafuna kuzizira koposa kumene nthaka ya kuno ingapereke, choncho imamera msanga. Muisunge mumdima, muziithyola mphukira, ndipo yasanduka yobiriwira musadye. Maungu akhale pashelefu yapamwamba pafupi ndi paipi yotulutsa, aliyense ndi kaphesi kake, osakhudzana. Nthochi, tomato ndi maapozi zikamapsa zimatulutsa mpweya umene umafulumizitsa zinzake kuwonongeka, ndiye zisakhale pamodzi ndi zosunga nthawi yaitali. Anyezi amafuna pouma podutsa mphepo, mum'pachike pakhonde. Chinangwa chimada m'masiku awiri kapena atatu chikazulidwa, chisiyeni m'munda. Chimanga, nyemba ndi mtedza zisalowemo pokhapokha zili zouma gwa m'migolo yotseka bwino, chifukwa chinyezi chomwe mbatata imakonda chimameretsa chuku pa mtedza ndi chimanga, ndipo chuku chimenecho chili ndi poizoni wowononga chiwindi.