Viniga amene makasitomala anga anazolowera wasowa: ndigule uti?

Funso: Aphungu, ndine mayi wa ku Malawi ndipo ndimakhala ku Johannesburg. Ndinaphunzira kuphika ndikugwira ntchito m'khitchini ya lesitilanti ya zakudya za ku China, ndipo pano ndili ndi kamalo kangakanga kogulitsirapo ma dumpling ndi ma noodles. Viniga wakuda wothira mu msuzi ndinkagula ku Cyrildene, wa kampani imodzimodzi nthawi zonse. Tsopano wasowa m'mashopu onse. Ndinayesa wina wotchipa koma makasitomala akale akudandaula kuti kakomedwe kasintha. Pali wina akugulitsa mabotolo otsala pa Facebook pamtengo wowirikiza kawiri. Kodi ndiwagule onse, kapena ndiziitanitsa ndekha ku China?

Yankho: Amayi, pepani ndi vutoli. Makasitomala anu sakunama, lilime la munthu wobwerabwera limazindikira msanga. Koma pa njira ziwiri mwatchulazi musathamangire iliyonse. Chimene chinkakometsa msuzi wanu si dzina la kampani. Ndi mtundu wa viniga, dera limene amafululidwa, mphamvu ya asidi wake ndi zaka zimene anakhala mumtsuko. Zili ngati mpunga wa kilombero: dzina la pa thumba lingasinthe, koma amene akudziwa fungo la mpunga wa ku Karonga amaupeza ndithu. Ntchito yanu yoyamba ndi kudziwa chimene chinali m'botolo lija.

Ngati muli ndi botolo lotha kapena chithunzi chake mu foni, lisungeni bwino. Viniga wakuda wa ku China sali mtundu umodzi. Otchuka kwambiri ndi anayi: wa ku Shanxi, wa ku Zhenjiang, wa Baoning wochokera ku Langzhong m'chigawo cha Sichuan, ndi wa ku Yongchun m'chigawo cha Fujian. M'mashopu a kunja kwa China mumapezeka kwambiri awiri oyambawo, ndipo ndikukhulupirira kuti vuto lanu lagona pamenepa.

Wa ku Shanxi, amene pa botolo amalembedwa 山西老陈醋, amapangidwa ndi mapira, madeya a tirigu, ndi chofufumitsira cha balere ndi nsawawa. Mbali ina ya phala lake imawotchedwa pang'onopang'ono kwa masiku angapo, n'chifukwa chake amamveka kafungo ka utsi. Kenako amamusiya m'mitsuko: m'chilimwe dzuwa limaumitsa madzi ena, m'nyengo yozizira amachotsa madzi oundana pamwamba, ndipo chotsalacho chimakhala chakuda bii, cholemera, chowawasa kwambiri. Kwawo kwenikweni ndi ku Qingxu, pafupi ndi mzinda wa Taiyuan. Mayina odziwika ndi Donghu, Shuita, Zilin ndi Ninghuafu. Kumpoto kwa China ndi amene amadyera ma dumpling ndi ma noodles.

Wa ku Zhenjiang, m'chigawo cha Jiangsu, amalembedwa 镇江香醋, ndipo pa mabotolo otumizidwa kunja mumaona dzina lakale lakuti Chinkiang. Uyu amapangidwa ndi mpunga womata ndi madeya a tirigu. Ndi wofatsa, wotsekemerako pang'ono, wopanda utsi wambiri. Kampani yaikulu ndi Hengshun, imene inayamba mu 1840, ndipo dzina lina lofala kunja ndi Gold Plum. Onse ndi abwino. Koma ngati msuzi wanu unazolowera wa ku Shanxi ndipo mwathiramo wa ku Zhenjiang, kasitomala amva kuti wazizira. Mukasinthanitsa mwanjira inayo, amva kuti waluma.

Mukadziwa mtundu, yang'anani nambala ya asidi. Imalembedwa pambuyo pa zilembo 总酸, mwa magalamu pa 100 ml. Malamulo a ku China salola chinthu kutchedwa viniga ngati asidi wake sakufika 3.5, pomwe viniga wokhwima wa ku Shanxi weniweni ayenera kufika 6 kapena kupitirira, atakhala chaka chathunthu kapena kuposa asanathiridwe m'botolo. Palinso nambala ya muyezo wa boma la China umene vinigayo amatsatira: GB/T 19777 ndi ya wa ku Shanxi, GB/T 18623 ndi ya wa ku Zhenjiang. Botolo lolembedwa kuti ndi viniga wokhwima koma lili ndi GB/T 18187 ndi viniga wofululidwa wamba. Sikuti ndi woipa, koma musamulipire mtengo wa mnzake uja.

Nkhani ya manambalayi siinangobwera. Mu 2011, mmodzi wa akuluakulu a bungwe la opanga viniga ku Shanxi ananena poyera kuti wambiri wogulitsidwa ndi dzina la chigawocho anali wosakaniza, ndipo nkhaniyo inagwedeza msika. Muyezo wokhwima wa magalamu 6 unayamba kugwira ntchito mu 2014. Kuyambira kumapeto kwa 2019, madzi osakaniza ndi asidi wa ku fakitale saloledwanso kutchedwa viniga ku China. Choncho werenganinso mndandanda wa zosakaniza. Wabwino umakhala waufupi: madzi, mapira kapena mpunga, madeya, balere, nsawawa, mchere, nthawi zina shuga pang'ono. Mukaona caramel wodetsera mtundu, sodium benzoate (mankhwala oteteza kuti chakudya chisawonongeke) ndi zotsekemeretsa zili mumzere, dziwani kuti kudako n'kopaka, si kwa zaka. Ndikukayikira kuti wotchipa munagula uja anali wa gulu limeneli. Matope pang'ono pansi pa botolo asakuopseni, viniga wofululidwa amatero.

Musanafunefune wina, tsimikizani kuti wakale uja wathadi. Nthawi zambiri katundu wotere akasowa, fakitale imakhala ikugwirabe ntchito. Chasintha ndi woitanitsa: wasiya kuoda, kontena yachedwa pa doko, kapena botolo labwera ndi pepala latsopano moti mukulidutsa pa shelefu osalizindikira. Kumbuyo kwa botolo kumakhala kapepala ka dzina ndi adiresi ya kampani yoitanitsa. Aimbireni amenewo. Mwini shopu wa pa Derrick Avenue ku Cyrildene muonetseni chithunzi, ndipo mumufunse mafunso awiri: kodi abweranso liti, nanga ndi uti wochokera ku fakitale yomweyo kapena dera lomwelo. Mabwana anu akale a ku lesitilanti ija nawonso afunseni kumene amaoda. Malesitilanti amagula m'zigubu zazikulu zimene siziikidwa pa shelefu.

Tsopano za ndalama, pamene ndikufuna mukhalepo pang'ono. Anthu ambiri a bizinesi ya zakudya amayang'ana mtengo wa botolo, pomwe choyenera kuwerenga ndi mtengo wa viniga pa mbale imodzi. Botolo la 500 ml limatulutsa masupuni aakulu pafupifupi 33. Tiyerekeze kuti wabwino akuposa wotchipa ndi R30, ndipo mbale iliyonse imadya supuni imodzi. Kusiyana kwake sikukwana R1 pa mbale. Kasitomala mmodzi wobwera sabata iliyonse akasiya kubwera, mwataya zoposa pamenepo kutalitali. Ndiponso viniga wa asidi 6 mumathira wochepa kusiyana ndi wa 3.5, kotero mtengo wake weniweni umatsikanso. Pa chinthu chimene chimasiyanitsa chakudya chanu ndi cha ena, musaumire. Kaumireni pa mapepala okulungira ndi zina zotero.

Za mabotolo a pa Facebook, gulani awiri okha ngati ali osatsegula ndipo mwaona ndi maso anu tsiku limene anapangidwa. Limodzi likhale loyezera, linalo losinthira pang'onopang'ono. Kugula onse ndi kumangirira mpamba pa katundu amene adzathabe, ndipo tsiku lomwe adzathe mudzabwerera pomwe muli lero, ndalama zitapita. Kuitanitsa nokha sindikukulimbikitsani pa bizinesi ya msinkhu wanu. Mabotolo agalasi ndi olemera, amasweka, ndipo pamwamba pa mtengo wa mayendedwe pali VAT ya 15% ndi ndalama za okuchotserani katundu pa doko. Zimenezi zimapindula kwa amene akudzaza kontena.

Chitani chonchi m'malo mwake. Gulani botolo limodzilimodzi la mitundu itatu kapena inayi ya dera lomwe mwapeza lija, yosiyana zaka. Makampani ambiri amagulitsa wa zaka 3, wa zaka 5 kapena 6, mpaka wa zaka 10. Konzani msuzi wanu monga mwa masiku onse, muyezo womwewo, mbale zosalemba mayina, ndipo imodzi ikhale ya viniga wakale uja. Itanani makasitomala awiri kapena atatu mwa amene anadandaula aja kuti alawe ndi ma dumpling otentha, osati pa supuni pokha. Iwo ndi amene anazindikira kusinthako, ndipo kuwafunsa maganizo kudzawabwezanso pamalo panu. Musadabwe wa zaka 3 akapambana wa zaka 10. Wokhalitsa kwambiri amakoma pa msuzi wosaphika, koma mu chakudya cha pamoto fungo lake labwinolo limauluka, ndiye mungathe kukhala ndi awiri: wodula wa pa tebulo, wamba wa mu poto.

Mukasankha, sakanizani watsopano ndi wakale theka ndi theka kwa masabata angapo musanasinthiretu. Lembani m'buku lanu dera, nambala ya muyezo, asidi ndi zaka, pamodzi ndi dzina la amene anakhala wachiwiri pa kulawa kuja ndi shopu ina yomugulitsa. Wa asidi 6 sawonongeka msanga akakhala wotseka pamalo pozizira popanda dzuwa, choncho katoni imodzi yosungira, yokwana miyezi iwiri kapena itatu ya malonda anu, ndi yokwanira. Mukatsegula katoni yosungirayo, odani ina sabata yomweyo.