Mumperekeze mpaka pakhomo pa ofesiyo

Aphunzitsi ena a pa koleji ina ku Ntcheu andilembera imelo. Ali ndi mnyamata m'kalasi mwawo amene walephera mayeso kawiri ndipo ntchito sakupereka. Akufunsa ngati kumutumiza kwa a Dean of Students, mkulu woona za umoyo wa ophunzira, sikungamuchititse manyazi.

Aphunzitsi, funso lanuli landikumbutsa mnzanga wa ku Bembeke. Tonse tinachokera ku ma CDSS a ku Dedza, komwe buku limodzi la sayansi tinkalimbirana kalasi yonse. Iyeyo anali wanzeru kundiposa, makamaka pa masamu. Koma tili ku koleji, Lachisanu lililonse ankakwera minibasi kupita kwawo kukakumba mbatata ya kachewere ndi mayi ake, kuti apeze ya lendi ndi ya ufa. Lolemba ankalowa m'kalasi dothi likadali m'zikhadabo, maso ali psuu, n'kumawodzera pa benchi yakumbuyo. Tsiku lina mphunzitsi wina anamuuza pamaso pa tonse kuti, "Iwe, ukaonane ndi a ku ofesi." Ofesi yake iti? Kukanena chiyani? Sanapite. Pakutha pa chaka anamuchotsa sukulu, ndipo pano amagulitsa kabichi ndi tomato pa Lizulu.

Mpaka lero nkhaniyi imandipweteka. Makoleji athu akamata chidziwitso pa bolodi amayesa kuti athandiza. Sanathandize ayi! Mwana wokulira kumudzi amadziwa kuti ku ofesi ya ahedi umaitanidwako ukalakwa. Ndiye mukuti adzuke yekha, agogode pachitseko cha munthu wa tayi, aulule kuti Chingelezi cha m'kalasi chikumupitirira? Sangatero. Angalole kugwa mwakachetechete.

Komanso tisamafulumire kunena kuti ndi ulesi. Ambiri ndi njala. Ena ndi fizi. Bungwe lopereka ngongole kwa ophunzira, la HESLGB, linayamba mu 2015, koma mudzapeza mwana amene palibe anamufotokozerapo kalembedwe ka fomu yake. Ena kunyumba kuli matenda, ndipo foni ikangolira mtima uli phaa. Munthu wotereyu kumuphunzitsa kagawidwe ka nthawi yowerengera osamufunsa ngati wadya, n'kuthira madzi m'dengu.

Ndiye mutani?

Muitaneni payekha, osati anzake akumva. Yambani ndi kufunsa komwe amagona ndi zakunyumba, za malikisi zibwere pambuyo. Ngati ndi ndalama kapena nkhawa, pitani naye limodzi kwa a Dean kapena kwa mlangizi, mumutchule dzina, munenenso chabwino chimodzi chimene mwaona mwa iye. Ngati ndi phunziro lenilenilo, mumpezere wa chaka chachitatu wodekha, kapena gulu lowerengera limodzi. Pakatha milungu iwiri mumufunse ngati anabwererako, chifukwa ulendo wachiwiri ndi umene ambiri amauthawa.