Nthawi ya pa tikiti ya ndege isakupusitseni

Abale anga amene mwangofika kumene kunja kuno, posachedwapa muyamba kudzigulira nokha matikiti a ndege. Pali chimodzi chimene ine ndinachidziwa mochedwa: nthawi yonyamukira ndi yoterera zimene zalembedwa pa tikiti, iliyonse ndi ya wotchi ya mzinda wake.

Ulendo wanga woyamba wa ku New York, tikiti inati tinyamuka ku London 10 koloko m'mawa, titera 1 koloko masana. Ndinawerenga pa zala n'kupeza maola atatu, ndiye mankhwala anga ndinangowaponya m'chikwama chachikulu chopita kunsi kwa ndege. Osadziwa kuti wotchi ya ku New York imatsalira ndi maola 5. Ndinakhala m'mwambamo maola 8, mutu ukuwawa, wondithandiza palibe.

Mizinda iwiriyi yatalikirana makilomita pafupifupi 5,500, ndipo ndege zikuluzikuluzi zimathamanga makilomita 850 kapena 900 pa ola. Koma musathamangire kuchita masamu, chifukwa popita ndi pobwera sipafanana. Kumwambako kuli chimphepo champhamvu chowomba kuchokera kumadzulo kupita kum'mawa. Popita ku New York ndege imalimbana nacho, pobwerera chimaikankha, moti ulendo womwewo umatha m'maola 7 okha. Mukaonanso pa kanema wa pampando ndege ikukhotera kumpoto, cha ku Canada, musaganize kuti woyendetsa wasochera. Dziko lapansili ndi lozungulira, njira yaifupi ndi imeneyo.

Johannesburg ndi London ndi nkhani ina. Mtunda ndi wautali, makilomita pafupifupi 9,000, maola 11 ndege ikapanda kuima pena, koma mawotchi amangosiyana ndi ola limodzi kapena awiri, malinga ndi nyengo ya chaka ku Britain. Mumafika miyendo itatupa, inde, koma tulo timabwera pa nthawi yake. Wopita ku New York, ngakhale ulendo wake ndi waufupi, amadzidzimuka 3 koloko usiku maso ali gwa kwa masiku angapo.

Tsono za tikiti yotsika mtengo. Kawirikawiri imakhala yosinthira ndege penapake, monga ku Dubai kapena ku Addis Ababa, ndipo ulendo wa maola 11 umatha kusanduka wa maola 20 mukaphatikiza odikira pa benchi. Ine sindiletsa, ndalama zimavuta, koma yodikira ola limodzi lokha pakati pa ndege ziwiri sindigula. Yoyamba ikachedwa pang'ono, yachiwiri imakusiyani. Funsaninso musanalipire ngati dziko lodutsamo limafuna viza kwa anthu a pasipoti ngati yanu.

Mukaona "+1" pafupi ndi nthawi yoterera, ndiye kuti mufika tsiku lotsatira. Wokudzakutengani mumuuze tsiku limenelo, nambala ya ndege, komanso dzina la bwalo, pakuti Heathrow ndi Gatwick onse ndi a London koma ndi otalikirana ndithu.