Yankho la malume pa za timabotolo ta ku Persia tija

Eee mphwanga, voisi yako ndaimva, pepa ndachedwa kuyankha ndinali kudimba ndipo kumene kuja netiweki ndi yosaka ndi nyali. Ndiye wati mnzako wa kuntchito akugulitsa timabotolo tolembedwa kuti mankhwala a ku Persia, njira ya Avicenna, ati timachiza BP ndi shuga, ndiye ukufunsa kuti Persia yo ndi kuti, Avicenna yo ndi ndani, komanso ngati tisonkherane tiwagulire agogo ako. Ndiyankha pagulupu pompano kuti achemwali nawonso amve, poti ndaona avomera kale kuti aponya yawo pakutha pa mwezi. Dikirani kaye achemwali. Ikhala yaitali iyi, amene bandulo yatsala pang'ono adzamvera mawa.

Persia ndi Iran yomweyi, mu 1935 ndi pamene boma lawo linapempha maiko akunja kuti azitchula kuti Iran. Inu a Mvano mukuidziwa bwino, ndi Perisiya uja wa m'Baibulo, kwa mfumu Koresi, kwa Estere ku Susani kuja. Ndipo zoti anthu amenewa anali akatswiri pa zachipatala si bodza ayi, mnzakoyo pamenepo sananame. Ine nkhani imeneyi ndinaikonda ndili pa kozi, ndipo zaka zonse zija ndimagwira ku famase ndimangowerengabe ndikapeza mpata.

Tiyambire kalekale Chisilamu chisanafike. Anali ndi chipembedzo cha Zoroaster, ndipo m'malemba awo otchedwa Avesta muli gawo lina, Vendidad, limene limagawa ochiritsa patatu, wampeni, wazitsamba, ndi wamawu opatulika, kunena kuti wamapemphero, ndipo amati wamawuyo ndi amene amaposa anzakewo. Ndinaseka nditawerenga chifukwa ife wodwala wathu amatha kuyenda konse kutatuko sabata imodzi yomweyo. Koma chomwe chinandidabwitsa ndi mayeso a wampeniyo. Asanakhudze munthu wachipembedzo chawo amayenera ayambe wachita opaleshoni anthu atatu osakhulupirira, onse atatu akafa basi ntchito yathera pompo moyo wake wonse, akachira ndiye walandira chilolezo. Nkhanza zedi kwa atatu ajawo eti, koma uone kuti maganizo oti munthu ayambe waonetsa kuti amatha asanapatsidwe odwala analipo kale. Malipiro nawonso analembedwa, wansembe amalipira ndi dalitso chabe, mwini nyumba ng'ombe yotsika mtengo, wolamulira chigawo ngolo ya nyama zinayi.

Kenako pakubwera mzinda wa Gondishapur, kumwera chakumadzulo kwa Iran m'chigawo cha Khuzestan, osati kutali ndi Susani uja. Anaumanga ndi mfumu Shapur woyamba, amene mu 260 anagonjetsa Aroma mpaka kugwira mfumu yawo Valerian wamoyo, ndiye akaidi ambiri anawakhazika kumeneko. Patapita zaka mzindawu unadzaza ndi Akhristu olankhula Chisiriya amene ankamasulira mabuku a madokotala achigiriki, Hippocrates ndi Galen. Mfumu Khosrow woyamba, amene analamulira kuyambira 531 mpaka 579, anali wokonda maphunziro, mpaka anatuma dokotala wake Burzoe ku India kukatenga nzeru za kumeneko. Ndiye mankhwala a ku Persia amene akutchulidwawo anali osakaniza kuyambira pachiyambi, za Agiriki, za Amwenye, ndi zawo zomwe. Akatswiri a mbiri masiku ano amakangana, ena amati olemba a m'mbuyo mwake anaukometsera kwambiri mzindawu makamaka pa nkhani yoti munali chipatala chachikulu m'nthawi ya mafumu amenewo. Koma chosakanika ndi ichi, mu 765 khalifa al-Mansur wa ku Baghdad, wolamulira wamkulu wa Asilamu, atadwala m'mimba madokotala ake n'kulephera, anaitanitsa Jurjis ibn Bukhtishu kuchokera ku Gondishapur, Mkhristu, ndipo anamuthandiza. Banja la Bukhtishu limenelo linakhala likuchiritsa ma khalifa kwa mibadwo ingapo, mwana kulowa m'malo mwa bambo ake.

Ndipo mawu amene dziko lonse lachisilamu linkatchulira chipatala ndi achiperisiya, bimaristan. Bimar ndi wodwala, stan ndi malo, stan yemweyo wa mu Pakistan ndi Afghanistan. Ku Baghdad choyamba chinamangidwa m'nthawi ya khalifa Harun al-Rashid cha m'ma 800, koma chotchuka ndi cha Adudi chimene anamanga Adud al-Dawla, wolamulira wochokera ku Iran, cha mu 981, chinayamba ndi madokotala 24, ena a maso, ena a mafupa, ena a opaleshoni. Zipatala zikuluzikulu za nthawi imeneyo zimakhala ndi mawodi osiyana, amuna kwaokha akazi kwaokha, famase yakeyake, malo a odwala misala, ophunzira kumatsatira dokotala pabedi ndi pabedi ngati mmene timachitira ma raundi m'mawa muja. Ndalama zimachokera ku waqf, kunena kuti munthu wolemera amapereka minda kapena mashopu kuti phindu lake liziyendetsa chipatala mpaka kalekale, wodwala osalipira. Cha Adudi chinagwira ntchito mpaka 1258 pamene a Mongol anaononga Baghdad.

Tsopano munthu wanga amene ndimamukonda kuposa Avicenna wakoyo ndi al-Razi, azungu amati Rhazes. Anabadwira ku Rayy, pafupi ndi Tehran wa lero, anamwalira cha mu 925, anayendetsa chipatala ku Rayy komanso ku Baghdad. Iyeyu ndi amene analemba momveka bwino kusiyana kwa nthomba ndi chikuku, iwe nthomba sunaione chifukwa inatha padziko lonse usanabadwe, koma agogo ako akuuza mmene inkasiyira anthu zipsera kumaso. Pali kankhani kamene anthu amakakonda koti pofuna malo omanga chipatala anapachika nyama m'madera osiyanasiyana a Baghdad n'kusankha pamene nyama inachedwa kuwola. N'kokoma kumva, koma ambiri amakalumikiza ndi chipatala cha Adudi chija pomwe chinamangidwa iye atamwalira kale zaka zoposa makumi asanu, ndiye ine ndimakatenga ngati nthano ya pamoto.

Chenicheni chimene chili m'zolemba zake ndi ichi, ndipo mphwanga apa tchera khutu. Anaona odwala amene anali ndi zizindikiro zoyamba za matenda otupa ubongo, ngati aja oumitsa khosi, mutu kulemera, khosi kupweteka, kudana ndi kuwala. Gulu lina analitulutsa magazi, gulu lina analisiya dala osalitulutsa, kuti aone kusiyana kwake. Analemba kuti amene sanawatulutse magaziwo ndi amene anadwala. Lero tikudziwa kuti kutulutsa magazi sikuteteza matenda amenewo, yankho lake linali lolakwika, koma taganiza munthu zaka zoposa 1000 zapitazo kuganiza kuti sindingakhulupirire mankhwala anga popanda gulu lina lofanizira nalo. Ma trial ambiri oyesera mankhwala amene amachitika lero amayenda pa maganizo omwewo. Analembanso buku lonse lokayikira Galen, amene nthawi imeneyo kumutsutsa kunali ngati kutsutsa mfumu pabwalo pake, analemba lina la anthu osauka amene alibe dokotala pafupi, mankhwala ake opezeka kukhitchini ndi pamsika, ndipo analembaponso zoti n'chifukwa chiyani anthu amathawa dokotala wodziwa n'kuthamangira onyenga. Buku lake lalikulu, al-Hawi, ndi manotsi a moyo wake wonse, analimasulira m'Chilatini mu 1279.

Avicenna ndiye Ibn Sina. Anabadwa mu 980 pafupi ndi Bukhara, lero ndi ku Uzbekistan, koma chilankhulo chake chinali Chiperisiya ngakhale mabuku ake akuluakulu analemba m'Chiarabu, ngati mmene iwe umalembera malipoti m'Chingerezi koma kunyumba ukulankhula Chichewa. Ali mnyamata wosakwana zaka 20 anathandiza kuchiza mfumu ya ku Bukhara, Nuh ibn Mansur, ndipo mphotho yake inali kuloledwa kulowa mu laibulale ya kunyumba yachifumu. Buku lake la Qanun, azungu amati Canon, analimaliza mu 1025, lili m'magawo asanu, ndipo Gerard wa ku Cremona atalimasulira m'Chilatini ku Toledo m'zaka za m'ma 1100 linaphunzitsidwa m'mayunivesite a ku Ulaya mpaka m'ma 1600. Anamwalira mu 1037 ku Hamadan ndi matenda opotokola m'mimba, manda ake alipo mpaka lero, ndipo ku Iran tsiku lokumbukira madokotala analiika pa tsiku la kubadwa kwake, pomwe la ife a ku famase analiika pa la al-Razi, ndiye mukuona chifukwa chake ndimakondera.

M'gawo lachiwiri la Canon muli mankhwala pafupifupi 800, koma asanayambe kuwatchula anaika malamulo asanu ndi awiri oyesera mankhwala. Sindiwatchula onse. Loyamba, mankhwalawo akhale oyera osasakanizika ndi china chilichonse chowasintha mphamvu. Lina, uwayese pa matenda amodzi osati munthu wa matenda angapo nthawi imodzi. Lina, zotsatira zake zizibwera nthawi zonse kapena nthawi zambiri, zikachitika kamodzi ndi mwayi chabe. Lina, uyese pa munthu chifukwa zimene zachitika pa mkango kapena hatchi sizikuuza za thupi la munthu. Ndiye tenga kabotolo ka mnzako kaja ukaike pa malamulo amenewa. Kalembedwa zimene zili mkatimo? Mulingo wake? Anakayesa pa ndani? Ngati umboni wake ndi woti azakhali a uje anamwa n'kupeza bwino, Ibn Sina mwini dzinalo akanakabweza pakhomo.

Komanso BP imene akuti kamachizayo Ibn Sina sanaidziwe ngati mmene tikuidziwira ife. Analemba zambiri pa kagundidwe ka mtsempha wa padzanja, anali katswiri pamenepo, koma kachipangizo komanga pamkono kaja kanabwera mu 1896. Madokotala a nthawi imeneyo ankayendera chiphunzitso cha Agiriki choti m'thupi muli madzi anayi, magazi, makhololo, ndulu yachikasu ndi ndulu yakuda, ndipo matenda ndi pamene amodzi achuluka. Ngakhale mmene magazi amadutsira mumtima Ibn Sina analakwitsa, anadzamukonza ndi Ibn al-Nafis wa ku Damascus m'zaka za m'ma 1200, amene anati magazi saboola khoma la pakati pa mtima koma amazungulira kudzera m'mapapo. Anthu ake omwe ankamukonza, nanga ife tizimutenga ngati sanaphonyepo?

Za zitsamba zilipo ndithu mpaka lero ku Iran, mashopu ake amati attari, ndipo m'makomo anthu amagawabe zakudya pawiri, zotentha ndi zozizira, garmi ndi sardi, osati kutentha kwa pamoto ayi koma mmene amati zimachitira m'thupi. Yogati, nsomba, nkhaka ndi mavwende ndi zozizira, uchi, jinja ndi madeti ndi zotentha. Mwana akadandaula m'mimba amati wazizidwa, amamupatsa tiyi wothira nabat, shuga wouma ngati timiyala. Kuli madzi a maluwa a rozi, golab, otchuka ndi a ku Kashan, kuli safironi amene Iran ndi imene imalima wochuluka padziko lonse, kuli chakumwa cha viniga ndi uchi kapena shuga chotchedwa sekanjabin, kuli kuyamwa magazi ndi timakapu pamsana ngati kulumika kwa makolo athu kuja. Njira yomweyi inapita ku India komwe amaitcha Unani, ndipo alamu a ku Cape Town mwina munaonapo, kumeneko kuli Ibn Sina Institute of Tibb. Zina mwa zimenezi n'zabwinobwino ngati chakudya kapena tiyi wa madzulo, sindikuzinyoza.

Koma taonani pa amayi, agogo akowo mphwanga. Nabat ndi shuga weniweni, sekanjabin ndi uchi kapena shuga, munthu wa matenda a shuga zimenezo zimupweteka. Ndipo kuli muzu wina wotsekemera, liquorice, ku Iran amati shirin bayan, umalowa m'zosakaniza zambiri za chifuwa ndi m'mimba, umenewo umakweza BP ndipo umatsitsa mchere wa potassium m'magazi, kwa munthu amene akumwa kale mapilitsi okodzetsa aja ndi zoopsa. Ine pawindo la famase ndinaonapo gogo wina amene ana ake anamusiyitsa mapilitsi miyezi iwiri chifukwa cha botolo lina logula, anabwera atamunyamula mbali imodzi itafa, sindikufuna zimenezo pakhomo pathu.

Ndiye achemwali ndalama ija musatumize, kapena ngati yakuyabwani m'manja muwagulire amayi ma strip a kamakina koyezera shuga, atsala ochepa. Mapilitsi apitirize mmene akumwera. Iwe mphwanga mawa ukajambule kabotoloko mbali zonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe amalemba zosakaniza, unditumizire kuinbox, ndipo mnzakoyo usakakangane naye, mwina nayenso anangouzidwa ndi amene anamuoda. Sikelo ya agogo ako ndi Lachinayi likubwerali, amene awaperekeze atenge kabuku kawo ka kuchipatala, kali m'chikwama chakuda chija pamwamba pa kabati. Foni ikulira kuti batire yatha, ndiima pomwepa.